Mphini za pachifuwa panga

Akonzi, ndiloleni ndifotokoze nkhani imene yakhala pakhosi panga kwa chaka ndi miyezi. Poyamba tidagwirizana ndi mayi a kunyumba kuti izi zithere m'nyumba, koma ndi iwo omwe andiuza mwezi wathawu kuti, "Bambo, lembani. Mwina wina apulumukirapo."

Ndimaphunzitsa Biology ndi Agriculture pasukulu ina ya sekondale yoyendera, kumudzi kuno m'chigawo chapakati. Teremu yachiwiri ya chaka chatha kudabwera galimoto ya a Malawi Blood Transfusion Service, aja amayenda m'sukulu kutolera magazi. Ana athu amaopa singano kuposa mayeso a MSCE. Anyamata a Fomu 4, omwe amadzitama pabwalo la mpira, adayamba kuzemba mmodzimmodzi kulowera kuchimbudzi. Ahedi adandiponyera diso, ine ndidamva. Ndidapinda mkono wa malaya, n'kugona pakabedi kaja ana onse akuona, ndipo nditadzuka ndidakweza botolo la chakumwa chimene amapereka chija ngati ndawina chikho. Tsiku limenelo ana ambiri adalimba mtima. Ndidapalasa njinga kubwerera kunyumba ndikudzimva kuti ndine mphunzitsi weniweni.

Patapita masabata angapo adabweranso ndi zotsatira. Magazi alionse operekedwa amayamba ayezedwa asadathiridwe mwa wodwala. Amafufuzamo HIV, chindoko, ndi mitundu iwiri ya matenda a chiwindi, hepatitis B ndi hepatitis C. Mayi amene adandiitanira m'kalasi yopanda anthu adatseka chitseko bwinobwino, ndipo mtima wanga udathamangira komwe mitima yathu tonse imathamangira.

"HIV mulibe, aphunzitsi," adatero ngati awerenga nkhope yanga. "Koma magazi anu aja sitidawagwiritse ntchito. Aonetsa chizindikiro cha hepatitis C."

Ndikuvomera ndi manyazi. Chaka ndi chaka ndimajambula chiwindi pabolodi, n'kumauza ana kuti chimapanga ndulu, chimasunga shuga, chimasefa poizoni m'magazi, chimapanganso zimene zimathandiza magazi kuundana munthu akadzicheka. Koma za hepatitis C ndinkadziwa dzina lokha. Ndidawayankha mayi aja kuti mwina asokoneza mabotolo. Munthu wopalasa njinga makilomita 14 tsiku lililonse, wosewera kumbuyo m'timu ya aphunzitsi, angadwale chiwindi bwanji? Iwo sadakangane nane. Adangondilembera kalata yopita nayo kuchipatala.

Kalatayo idakhala m'kati mwa buku la sikimu masabata awiri. Sindidauze munthu.

Nditalimba mtima ndidayambira pachipatala chathu chaching'ono, koma kumeneko adandiuza kuti zoyezera matendawa alibe. Ndidapita kwa boma, ndipo a kwa boma adanditumiza kuchipatala chachikulu mumzinda. Kumeneko ndiko dokotala wina wachinyamata, wamng'ono kwa ine, adandikhazika pansi n'kundiphunzitsa monga ndimaphunzitsira ana a Fomu 1. Adati kuyeza koyamba kuja kumangoona asilikali amene thupi lidapanga polimbana ndi kachiromboka. Kuli ngati kupeza mapazi a wakuba pakhomo: ukudziwa kuti adafika, koma sudziwa ngati akadali m'nyumba. Mwa anthu 100 amene atenga kachiromboka, pafupifupi 30 thupi lawo limakagonjetsa lokha miyezi 6 isadathe, popanda mankhwala. Enawo, pafupifupi 70, kamakhazikika. Nthawi zinanso kuyeza koyambako kumanamiza. N'chifukwa chake pamafunika kuyeza kwachiwiri, kofufuza kachirombo kenikeniko m'magazi.

Ndidatuluka ndikupemphera kuti ndikhale m'gulu la 30 lija. Zotsatira zitabwera, ndidali m'gulu la 70.

Chimene chidandivuta kumvetsa, ndiponso chimene ndikufuna awerengi achigwiritsitse, n'chakuti matendawa sapweteka. Akuluakulu adati chakudza sichiimba ng'oma, ndipo hepatitis C ndiye mwini mwambiwu. Mwa anthu 10 amene angotenga kumene kachiromboka, pafupifupi 8 samva kanthu kalikonse. Ochepa amene amamva, zizindikiro zimabwera pakati pa masabata awiri ndi miyezi 6: kutentha thupi, kufooka, mseru, kusafuna chakudya, kupweteka m'mimba ndi m'mfundo za mafupa, mkodzo woderapo ngati tiyi wopanda mkaka, chimbudzi chotuwa, nthawi zina maso achikasu. Kupatula maso achikasuwo, tandiuzani, ndani kwathu kuno angakwere kabaza chifukwa cha zimenezi? Timangoti ndi malungo, timagula panado pagolosale, pakatha sabata tabwerera kumunda. Kachiromboko n'kutsala m'chiwindi, kumagwira ntchito yake mwakachetechete.

Chiwindi ndi chiwalo chopirira. Chikavulala chimadzikonza chokha, koma pamene padali bala pamatsala chipsera. Zaka zikamapita zipsera zimachuluka, chiwindi chofewa chija chimauma n'kukhala chokakala, ndipo magazi amavutika kudutsamo. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati mwa anthu 100 amene kachiromboka kakhazikika, pakati pa 15 ndi 30 chiwindi chawo chimafika pouma chotere m'zaka 20. Apa ndiye zizindikiro zimaonekera poyera: madzi amadzaza m'mimba, miyendo imatupa, maso amachita chikasu, khungu limayabwa, munthu amasanza magazi, mutu umasokonekera chifukwa poizoni amene chiwindi chidayenera kusefa wafika kuubongo. Ena imatulukira khansa ya chiwindi. Mowa umafulumizitsa zonsezi. Bungwe lomwelo limati padziko lonse anthu pafupifupi 50 miliyoni ali ndi kachiromboka, ndipo mu 2022 kadapha anthu oposa 240,000. Ambiri mwa amene ali nako sakudziwa.

Dokotala akufotokoza za madzi m'mimba, ine maganizo adali atachoka kale m'chipindamo. Ndinkaona amalume anga atakhala pamkeka kuseri kwa nkhokwe, mimba ili ngati ya mayi woyembekezera, miyendo itatupa mpaka kunyezimira. Ndibwereranso kwa iwo.

Ineyo adandiunika pamimba ndi makina, nanditenganso magazi ena. Adati chiwindi chili ndi zipsera, koma sichidafike poipa. Ndidakumbukira kuti kwa zaka zingapo ndinkatopa modabwitsa ikamakwana piriyodi yomaliza, mpaka kuwodzera pochonga makope. Ndinkati ndi njinga, kapena ukalamba wayamba msanga.

Kenaka padabwera funso limene aliyense amafunsa: ndidakatenga kuti? Hepatitis C amayenda m'magazi. Kuti munthu atenge, magazi a munthu amene ali nako ayenera kulowa m'magazi ake, ngakhale kadontho kosaoneka ndi maso, ndipo kachiromboka kamatha kukhala kamoyo masiku angapo m'magazi ouma pachitsulo. Dokotala adayamba kufunsa. Mudathiridwapo magazi? Ayi. Mudachitidwapo opaleshoni? Ayi. Mudadzibayapo mankhwala ozunguza bongo, aja anthu amabwerekana singano? Ndidaseka. Kumaiko a azungu njira imeneyi ndiyo ikuluikulu, koma ine ngakhale fodya sindisuta. Ndiye adandiuza kuti ndivule malaya andipime. Adayang'ana pachifuwa ndi kumanzere kwa mimba yanga, pamene pali timizere tating'onoting'ono tondondozana, ndipo adafunsa modekha, "Izi adakutemani liti?"

Mudali mu 1996, ndili ndi zaka 7. Chaka chimenecho malungo adavuta pamudzi pathu, ndipo ana awiri a nyumba yoyandikana nafe adamwalira mwezi umodzi. Agogo aakazi adaitana sing'anga wa kutsidya kwa dambo kuti atsirike mbumba yonse, ndi kutitema ife amene ankati tili ndi kapamba. Ndikukumbukira m'mawa wake, kukuzizira, tonse titandanda pakhonde opanda malaya. Adayamba ndi amalume monga mwini mbumba. Kenaka ife ana 6, kuyambira wamkulu. Lezala lidali limodzi. Akatema munthu ankalipukuta pansalu imene adaikoleka paphewa, n'kupaka mankhwala akuda pamabalapo ndi chala chomwecho. Ine ndidali wachinayi pamzere. Sindidalire, ndipo agogo adandipatsa mbatata yootcha.

Padalinso bambo wina woyenda panjinga ndi kachikwama, amene aliyense ankamutcha dokotala ngakhale sadapiteko kusukulu ya udokotala. Ankabaya jakisoni wa chilichonse, chifuwa kaya chilonda, ndipo singano zake ankaziviika m'kachitini ka madzi ofunda akachoka nyumba ina kupita ina. Ameneyunso adandibayapo kangapo. Kaya ndi lezala lija kaya ndi singano, dokotala adati njira zonse ziwiri n'zokwanira.

Ena akawerenga apa ayamba kunyoza agogo anga kuti adali osaphunzira. Ndikukana. Mayi amene uja adaona maliro a ana awiri, chipatala chili mtunda wa maola atatu wapansi, ndipo adachita chimene ankadziwa kuti adzukulu ake asafe. Komanso panthawiyo ngakhale ophunzira adali atangokadziwa kumene kachiromboka. Kadatulukiridwa mu 1989, chaka chimene ine ndidabadwa. Zisadafike apo madokotala ankangoona anthu akudwala chiwindi atathiridwa magazi, n'kumati ndi matenda amene si A komanso si B. Akatswiri atatu amene adagwira ntchito yokazindikira, Harvey Alter, Michael Houghton ndi Charles Rice, adalandira mphotho ya Nobel mu 2020.

Ndipo si asing'anga okha amene adafalitsapo matendawa ali ndi cholinga chabwino. Dziko la Egypt lidavutika kwambiri ndi likodzo, lomwe lija timalidziwa kunyanja ndi m'madambo mwathu. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 mpaka kuchiyambi kwa m'ma 1980, boma la kumeneko linkandandika anthu m'midzi ya m'mbali mwa mtsinje wa Nile n'kumawabaya jakisoni wa likodzo, mapiritsi amene timamwetsa ana m'sukulu lero asadafale. Majakisoni adali agalasi, obwerezabwereza, osawiritsidwa mokwanira. Likodzo lidachepa, koma pofika mu 2008 munthu wamkulu mmodzi mwa 10 alionse m'dzikolo adali ndi hepatitis C. Amene ankabaya aja adali ovala zoyera, a satifiketi zawo. Nditawerenga zimenezi mkwiyo umene ndidali nawo pa sing'anga uja udaphwa. Cholakwa chidali pa lezala, kuti lidali limodzi.

Kuuza mayi a kunyumba ndiko kudali phiri. Ndidadikira ana agone. Nditangotchula kuti m'magazi mwanga mwapezeka kachirombo, adaimika mbale imene ankatsuka.

"Mwayenda ndi ndani, bambo?"

Sindiwadzudzula. Kwa zaka zoposa 30 mawu oti kachirombo akhala ndi tanthauzo limodzi m'dziko muno. Ndidalumbira, ndidaonetsa mphini, koma usiku umenewo adagona choyang'ana kukhoma. M'mawa ndidapeza kapu yanga ndi mbale yanga zaikidwa pazokha pawindo.

Ulendo wotsatira ndidapita nawo kwa dokotala uja, ndipo ndi iye adakonza banja langa. Adawauza kuti hepatitis C angathe kupatsirana pogonana, koma si kawirikawiri, makamaka pakati pa anthu awiri okhulupirika. Chiopsezo chimakula pakakhala zilonda, magazi, matenda ena opatsirana pogonana kapena HIV. Adati sapatsirana podyera mbale imodzi, pomwera kapu imodzi, popatsana moni, pokumbatirana, pokhosomola, ngakhale polumidwa ndi udzudzu. Sayenda m'madzi kapena m'chakudya monga amachitira hepatitis A. Chimene tiyenera kulekanitsa m'nyumba si mbale, koma lezala, mswachi ndi chowengera zikhadabo. Mayi adafunsa za ana. Adati mayi amene ali nako angapatsire mwana pobereka, koma zimachitika mwa ana 5 kapena 6 pa 100 alionse, ndipo kuyamwitsa sikuletsedwa pokhapokha ngati nsonga za mabere zang'ambika n'kumatuluka magazi. Adayezedwa tsiku lomwelo. Patatha zaka 9 tili limodzi, adalibe. Ana athu awiri tidawayezetsabe kuti mitima ikhale pansi, ndipo nawonso alibe. Pobwerera, m'minibasi, adandigulira chimanga chootcha osanena kanthu. Madzulo kapu ija idabwerera pakati pa zinzake.

Kusukulu sindidabise kwa aphunzitsi anzanga, poti ndinkapempha chilolezo pafupipafupi. Mmodzi, munthu wa digiri yake, adayamba kubwera ndi kapu yakeyake ya tiyi n'kumaitsekera m'dirowa. Ndidamusiya. Chimene chidandipweteka ndi pamene adanong'oneza ena kuti matenda a chiwindi ndi dzina laulemu chabe, zenizeni tikuzidziwa.

Tsopano nkhani yabwino, imene ndikadakonda ikadalengezedwa pawailesi tsiku ndi tsiku: hepatitis C amachizika. Sindikunena zongochepetsa mphamvu ya kachirombo monga amachitira ma ARV. Ndikunena kuchira, kachirombo kutheratu m'thupi. Kale mankhwala ake adali jakisoni wotchedwa interferon, wobaya sabata iliyonse kwa miyezi 6 mpaka pafupifupi chaka, wodwalitsa ngati malungo osatha, ndipo ankachiza pafupifupi theka lokha la odwala. Kumapeto kwa 2013 ku America kudatuluka piritsi lotchedwa sofosbuvir, la kampani ya Gilead. Mtengo wake udali 1,000 dollars piritsi limodzi, kutanthauza 84,000 dollars kuti munthu amalize masabata 12. Ndidayesa kuwerengetsa pamalipiro anga kuti ndingagwire ntchito zaka zingati, ndidaleka panjira. Koma makampani a ku India ndi ku Egypt atayamba kupanga mankhwala omwewo, mtengo udagwa mpaka m'maiko ena osauka mankhwala onse a masabata 12 amagulidwa pansi pa 100 dollars. Mankhwala a masiku anowa amachiza anthu oposa 95 mwa 100.

A ku Egypt aja sadagone. Kuyambira mu 2018 adayenda dziko lonse kuyeza anthu mwaulere, m'zipatala, m'misika, m'sukulu, mpaka adayeza anthu oposa 50 miliyoni, ndipo onse amene alandira mankhwala m'dzikolo ndi oposa 4 miliyoni. Mu Okutobala 2023 WHO idalengeza kuti Egypt ndi dziko loyamba padziko lonse kufika pamlingo wapamwamba panjira yothetsa hepatitis C. Limeneli ndi dziko la mu Africa muno, ndipo ndilo lidali pamavuto aakulu kuposa onse.

Ine ndidalembedwa mitundu iwiri, sofosbuvir ndi daclatasvir, kumwa kamodzi patsiku kwa masabata 12. Asadandipatse adayamba aona ngati ndilinso ndi hepatitis B, chifukwa mwa munthu amene ali ndi zonse ziwiri, B amatha kudzuka mwamphamvu C akamachizidwa. Adandifunsanso mankhwala ena alionse amene ndikumwa. Ena a TB ndi ena a khunyu amafooketsa mankhwalawa, ndipo amene ali pa ma ARV dokotala ayenera kudziwa mtundu wake. Adandiletsa mowa, ndi mabotolo azitsamba aja amagulitsidwa m'misika olembedwa kuti amatsuka chiwindi. Adati chiwindi chodwala sichifuna kuchiwonjezera ntchito yosefa zinthu zosadziwika.

Kupeza mankhwalawo ndiko kudali kovuta. Pamene ndidapitapo padalibe, ndipo adachita kuitanitsidwa kudzera kusitolo ya mankhwala yolipira. Kuphatikiza kuyeza, mayendedwe ndi kugona mumzinda, zidandidyera matumba 9 a chimanga ndi mbuzi ziwiri, mayi n'kukongolanso kubanki m'khonde. Ine ndili ndi malipiro a pamwezi, ngakhale amachedwa. Ndinkati ndikakhala pamzere kuchipatala n'kuona amayi a zitenje zothaitha amene abwera ndi ndalama ya ulendo umodzi wokha, ndinkadzifunsa kuti akauzidwa kuti abwerenso kawiri, abwera?

Kumwa kwake sikudavute. Ndidatchera alamu pafoni 6 koloko m'mawa, ndipo mwana wanga wamkazi ndiye adadzipatsa udindo wochonga pakalendala. Sabata yoyamba mutu unkawawa pang'ono, basi. Sindidajombe kusukulu ngakhale tsiku limodzi chifukwa cha mankhwalawo. Nditamaliza adandiuza kuti ndidikire masabata ena 12 ndiyezetsenso, chifukwa kuchira kumatsimikizika kachirombo kakapanda kubwerera pakatha nthawi imeneyo. Masabata amenewo adatalika kuposa a mankhwala. Mu Novembala ndidalandira pepala lolembedwa kuti kachirombo sikadapezeke. Ndidaliwerenga katatu pakhonde la chipatala, kenaka ndidaimbira mayi. Adalulutira pafoni mpaka anthu adatembenuka.

Dokotala adandichenjeza zinthu ziwiri. Mapazi aja satha, kotero kuyeza koyamba kuja kuzionetsabe chizindikiro mwina moyo wanga wonse, ndipo magazi sindingaperekenso. Chachiwiri, kuchira si katemera. Ndikadzatemedwanso ndi lezala la wina ndingathe kukatenganso, chifukwa hepatitis C alibe katemera. Apa ndi pamene amasiyana ndi mbale wake B. Hepatitis B ndiye wofala kwambiri kwathu kuno kuposa C. Ali ndi katemera, amene ana a m'Malawi akhala akulandira kusikelo kuyambira mu 2002, koma akakhazikika mwa munthu mankhwala ake amangomugoneka, samuchotsa. C alibe katemera koma amachizika. Ife obadwa 2002 isadafike katemera wa B sitidalandire kusikelo, choncho poyezetsa ndi bwino kupempha zonse ziwiri.

Chiyambireni izi maso anga amaona zimene kale sankaona. Atsikana athu ogonera m'nyumba za lendi pafupi ndi sukulu amadulira zikhadabo lezala limodzi anthu asanu. Amaboolana makutu ndi singano imodzi. Anyamata amalembana mayina pamkono ndi kampasi ya m'bokosi la masamu. Kokametetsa patsiku la msika, makina amodzi amayenda pamitu 40, ena ali ndi zipere zotuluka magazi, ndipo wometa amangowauzira mpweya n'kupukuta ndi kaburashi. Sindidauze ana kuti asiye kumeta, kapena makolo kuti asiye asing'anga, poti ndikudziwa kuti sangandimvere. Ndimangoti lezala n'lotchipa kuposa botolo la Fanta. Popita kokatemera, kuchinamwali kapena kokameta mpala, munthu anyamule lakelake latsopano, alitsegule yekha, akamaliza alitaye m'chimbudzi. Kuchipatala, aone ndi maso ake kuti jakisoni watuluka m'pepala lake. Sing'anga wina wa pafupi ndi sukulu nditamufotokozera sadakwiye n'komwe. Adati zimenezi adazimva kale nthawi ya Edzi, kungoti anthu ena amabwera chimanjamanja ndiye iye atani.

Ku boma pempho langa ndi limodzi. Pa 28 Julaye chaka chilichonse dziko lonse limakumbukira matenda a chiwindi, ndipo maiko adalonjeza kuthana nawo pofika 2030. Zikumbutso za m'mahotela sizifika kwathu kuno. Pachipatala chaching'ono pamene amayeza HIV ndi malungo ndi kadontho ka pachala, payenera kukhalanso zoyezera B ndi C, ndipo amene wapezeka nako asachite kugulitsa mbuzi.

Patchuthi cha Khirisimasi ndidapita kumudzi ndi ntchito imene ndinkaiopa. Mwa ana 6 tidandanda pakhonde paja, mmodzi adamwalira pangozi, wina ali ku Johannesburg ndipo ndidamulembera pa WhatsApp. Alongo anga awiri adavomera kukayezetsa. Amene adali wachiwiri pamzere alibe. Amene adali pambuyo panga adapezeka nako, ndipo pamene ndikulemba pano ali pasabata yachisanu ndi chiwiri ya mankhwala. Achimwene anga aakulu, amene adatemedwa motsatana ndi amalume, adakana.

"Iwe mphwanga, sukulu yakuzunguza. Ine ndikulima maekala atatu ndekha. Wodwala amalima?"

Ndidawauza kuti inenso ndinkapalasa njinga makilomita 14. Adaseka, nathira kachasu m'kapu. Adati tidzaona akakolola fodya. Fodya adakolola, adagulitsa, ndipo ndikuwadikirabe. Ndalama ya minibasi ndidaisiya kwa alamu.

Amalume aja adamwalira mu 2009. Palibe adawayeza chiwindi. Atatupa miyendo ndi mimba, n'kuyamba kusanza magazi, akuluakulu a pamudzi adagamula kuti ndi mdulo. Adati akazi awo, amene tinkawatcha azakhali, adayenda ndi mwamuna wina n'kuthira mchere m'ndiwo. Adali a chitengwa, opanda mbale pamudzipo wowaikira kumbuyo. Maliro atangotha adawapitikitsa ndi kamtolo ka zovala, ana n'kutsala. Ine ndidali ndi zaka 20, ndidaona zonse, ndipo ndidakhulupirira.

Chiwindi chimaumitsidwa ndi zinthu zingapo, hepatitis B, hepatitis C, mowa, ndipo likodzo la m'matumbo nalonso limatupitsa mimba chimodzimodzi. Amalume ankamwa, ndiponso ndiwo adali oyamba palezala limene lidadutsa pa ine ndi mlongo wanga. Pa zonsezi mchere wa m'ndiwo mulibemo.

Ndidabwereka njinga yamoto n'kupita kwawo kwa azakhali, midzi isanu kuchokera kwathu. Ndidawapeza akusenda chinangwa pakhonde, atakalamba kuposa zaka zawo. Sadandizindikire mpaka nditatchula dzina la mayi anga. Ndidakhala pansi, ndidafotokoza zonse, za magazi, za chiwindi, za lezala, mpaka ndidatsegula mabatani a malaya kuwaonetsa mphini. Ndidati ndabwera kudzapepesa m'malo mwa mbumba yathu, ngakhale palibe adandituma.

Adapitiriza kusenda chinangwa chimene chidali m'manja mpaka chidatha, nachiponya m'beseni.

"Ine ndinkadziwa kuti sindidalakwe, aphunzitsi," adatero. "Zimenezo mukawauze ana anga aja. Ndiwo sabwera kuno."

Kenaka adaitana kamdzukulu ka mchemwali wawo kuti kagwire nkhuku.